Zipolopolo, Mpunga ndi Jekete la a Mbewe

Lolemba

Andipatsa makiyi! Atatu, pa waya mmodzi. Ndawaika m'thumba lakutsogolo kuti azimveka ndikamayenda.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pageti la kampani yathu ya alonda kuno ku Jet Park, ku Joni. Kukweza chitsulo, kutsitsa chitsulo. Dzuwa langa, mvula yanga. Bondo lakumanzere linatopa kalekale, likumatupa madzulo alionse, ndipo adokotala a ku kiliniki akuti ndipeze ntchito yokhala pansi, ngati kuti ntchito zoterezo amagawa pa renki ya matakisi. Tsono a Sithole, amene amasunga chipinda cha zipolopolo, akupuma ntchito, mawa akubwerera kwawo ku Natal. Bwana Fani, mwini kampani, akuti andiyese sabata imodzi. Loweruka adzatsegula okha mabokosi. Akapeza zonse zili bwino, malowo ndi anga.

M'chipindamo muli mpando. Wasiponji!

Chipindacho chili kuseri kwa ofesi, chopanda zenera, chitseko chachitsulo. Pa mashelefu pali mabokosi, m'mabokosi muli timakatoni, m'timakatoni muli zipolopolo. Zimakhala mmenemo zaka ndi zaka, poti anthu a galimoto zolondera amakawombera kamodzi pachaka kumalo ophunzirira, zotsalazo zimangodikira tsiku loipa. Mdani wake ndi chinyezi. Chikalowa, chipolopolo chimagona m'mfuti pa tsiku loipalo, mnzako ali maso ndi maso ndi mbava.

Malangizo a a Sithole, ndawalemba kuseri kwa chiphaso cha ku kiliniki:

makina oyamwa chinyezi asazime, madzi a m'kathanki kake kutaya m'mawa ndi madzulo;
kawotchi kapakhoma, koyeza chinyezi, kasapitirire 50;
m'bokosi lililonse muli timatumba ta mikanda. Mikandayo ikamaoneka ngati lalanje ili bwino, ikabiriwira yakhuta madzi, iumitsidwe mu uvuni pa kamoto kochepa;
chitseko chotseka.

Za chitsekozi abwereza katatu m'Chizulu chawo, kuti ndizitseka nthawi zonse. "Vala umnyango, mfowethu. Njalo nje." Ndangogwedeza mutu mwaulemu. Akuuza ine, wokulira ku Dedza kumene mvumbi amagwa sabata yathunthu koma chimanga chathu sichinaolepo m'nkhokwe. Nanga chipolopolo n'chiyani? Sichimera, sichifumbwa, nkhuku sizichifuna.

Kawotchi: 47.

Kunyumba Anabanda aimba nthungululu mpaka galu wa eni nyumba wayankhira. Ndawachonderera kuti asauze munthu mpaka Loweruka lidutse. "Ndiuza ndani ine?" akutero, foni ili kale m'manja.

Lachiwiri

Mvula chiyambire m'bandakucha. Ine ndili m'kati, pampando, ndikuimva ngati nkhani ya anthu ena.

Kathanki kadzaza! Madzi oyera mbee, okwana ketulo yathunthu, m'chipinda chopanda mpopi, denga losadontha. Ndasuzumira kuseri kwa makina ngati pali paipi yobisika. Palibe. Anthu anafika pokama mpweya ngati ng'ombe, ife tili pageti osadziwa.

Koma uve wake! A Sithole ndi munthu wabwino, sindikuwanena, koma pansi apa sanakolopepo chiyambire ntchito. Fumbi, akangaude, chitsa cha ndudu cha m'nthawi ya makedzana. Ine sindingakhale pamalo otere. Ndatenga madzi omwewo a m'kathanki, ndawonjezera ndowa ziwiri ndi sopo, ndakolopa kawiri, makoma omwe mpaka polekezera mkono. Pansi pali waliwali. Bwana akadzalowa adzafuna kuvula nsapato.

Kawotchi: 54. Mwina kakudabwa ndi ukhondo.

Masana agogoda a Mbewe. Ndi amene atenga malo anga pageti. Ndi akwathu, mudzi wawo ndi wathu timatunga mtsinje umodzi, ndipo nditangofika ku Joni ndinagona pansi m'chipinda chawo miyezi itatu osandiwerengera ngakhale kapu ya tiyi. Anyowa ngati nkhuku, milomo yayera, chifuwa chawo chija chayambiranso.

"Achimwene, jekete lokhali. Lingokhala pafupi ndi makina anuwo, ola limodzi. Eish, ndapota nanu."

Ndiwakanize ndi pakamwa pati? A Sithole anati chitseko chotseka. Za jekete sanatchule. Ndalikoloweka pa msomali, ndatseka chitseko bwinobwino monga mwa lamulo. Pofika 4 koloko lauma gwa, mpaka kufunda. A Mbewe alivala akumwetulira mano onse, ndipo ine ndamva kukoma mumtima, ndisaname.

Kawotchi poweruka: 57.

Lachitatu

Pakamwa pa a Mbewe palibe chitseko.

Mvula ikadagwabe. Pofika 10 koloko m'chipinda changa muli izi: majekete asanu ndi limodzi, masokosi mapeya anayi osadziwika eni ake, jombo ziwiri zonse zakumanja, chipewa, ndi bulangete la galu wolondera. Ndamanga chingwe kuchokera pa shelefu kukafika pachitseko. Aliyense wolowa akuti, "Sharp, madala!" Wina wandisiyira magwinya awiri, mandasi awo akunowa. Zaka zonsezi sindinakondedwepo chonchi pa kampani pano. Amene sanabweretse kanthu ndi amayi a ku ofesi okha. Angodutsa, ayang'ana chingwe, ayang'ana ine, apitirira.

Chitseko ndikutseka ndithu. Kungoti ndikutsegulanso.

Kathanki ndataya kanayi. Kawotchi: 66. Ndakagogoda ndi chala kuti mwina kakakamira. 67.

Ndatsegula bokosi limodzi, mikanda yabiriwira. Lachiwiri, yabiriwira. Onse! Uvuni wa ku ofesi unafa chaka chatha, masiku ano amasungiramo makapu. Ndatolera timatumba tonse m'jumbo, ndakwera nato takisi.

Kwathu uvuni tilibe, tili ndi kasitovu ka mapuleti awiri. Anabanda sakuona vuto. "Kuumitsa basi? Bweretsani chiwaya. Ndakazinga mtedza zaka zingati ine?" Ang'amba timatumba tonse, akhuthulira mikanda m'chiwaya, moto mpaka kumapeto. Ndanenapo za kamoto kochepa. Akuti kamoto kochepa n'ka anthu opanda zochita. Poyamba zikukongola, mikanda ikubwereradi ku mtundu wa lalanje, ine mpaka kuomba m'manja. Kenako yalira foni, mnzawo wa kutchalitchi. Kenako thethethe, mikanda ikudumpha ngati mbuliwuli, ina pabedi, ina m'ndiwo. Yotsala m'chiwaya yada bii.

Chiwaya chatha ntchito, ndipo mlandu wake akuti ndi wanga.

Lachinayi

Mabokosi onse alibe timatumba. Bwana osauzidwa. Ndaganiza m'takisi njira yonse, ndipo ndapeza kuti nzeru zinalipo kale azungu asanabwere ndi mikanda yawo.

Mpunga. Umayamwa chinyezi mu mchere, umadzutsa foni yogwera m'madzi. Ndagula, ndathira m'masokosi anga atsopano, sokosi imodzi bokosi limodzi.
Makala. Ndayala pansi pa mashelefu.
Phulusa. Mayi anga ankasungira nyemba chaka chathunthu. Ndapempha kwa owotcha nyama pa renki, andipatsa jumbo yodzaza osafunsa. Ndawaza pamwamba pa timakatoni, pang'ono pokha. Chipinda chikununkhira nyama ya ng'ombe.

Ndalengeza kuti lero kulibe zoyanika. Ndaima pachitseko, manja kumbuyo, nkhope yolimba. Awiri ndawabweza! Kenako ndamva a Mbewe akutsokomola kuchokera kugeti, chifuwa chochokera pansi penipeni. Jekete limodzi. Wina waona. Tsopano ndi asanu, kuphatikiza bulauzi yoyera ya Anabanda, ya gulu la amayi kutchalitchi, imene ndaipeza m'chikwama changa pamodzi ndi chakudya. Anandiuza kale potuluka: "Mukuumitsira galu, mkazi wanu akavale chonyowa Lamulungu?"

11 koloko magetsi azima. Akuba adula waya kumsewu waukulu, dera lonse mdima. Jenereta ya kampani imayatsa ofesi ndi makamera basi. Makina anga ali chete. Ndakhala mumdima ndikukupiza mabokosi ndi chivindikiro cha ndowa, dontho la m'jekete likundigwera pakhosi.

Ndaunika kawotchi ndi tochi. 78. Ndakatembenuzira kukhoma.

Ndikuchita mantha. Si za Bwana zokha. Ndikuganiza za anthu a m'magalimoto aja, ena ndinawaphunzitsa ndine kumanga lamba wa yunifomu. Wina atakoka mfuti n'kungomva kuti kwe, chifukwa cha ine? Nanga kubwerera pageti? Bondoli lapuma masiku anayi, dzulo ndatsika takisi osagwira chitseko. Ndinali nditaiwala kuti anthu amatsika choncho.

Madzulo Anabanda akusita suti yanga yaukwati. Ndafunsa kuti yalakwanji. Akuti anangonong'oneza mlembi wa mpingo, kuti Lamulungu alengeze zothokoza Mulungu poti bambo akunyumba akwezedwa pantchito. Kungonong'oneza!

Lachisanu

Magetsi abwera. Khoswe nayenso wabwera.

Wadya masokosi atatu, mpunga uli mbwee pa mashelefu, ndipo wandisiyira zizindikiro zoti anakhuta. Zaka zonse za a Sithole m'chipinda muno simunalowe ngakhale mphemvu, poti munalibe chodya. Ine sabata isanathe ndatsegula lesitilanti.

Phulusa layamwadi chinyezi, pamenepo mayi anga sananame. Kungoti lasanduka phala n'kumatirira. Timakatoni tafewa ngati buledi woviika mu tiyi. Ndatsegula kamodzi, zipolopolo zingapo zili ndi timawanga tobiriwira. Mwina n'takale, ta m'nthawi ya a Sithole. Ndawaimbira kanayi. Foni ikungolira, munthu akudyerera kupuma kwake.

Cha m'ma 11 dzuwa latuluka, loyamba sabata ino. Mutu wagwira ntchito nthawi yomweyo. Chonyowa chimayanikidwa. Zipolopolo sizingatuluke m'chipinda, ine ndi munthu wosunga malamulo. Koma timakatoni take ndi pepala chabe! Ndabwereka mabeseni atatu kwa amayi otsuka makapu, ndakhuthuliramo zipolopolo zonse, ndapukuta chimodzichimodzi ndi nsalu youma mpaka zala kuwawa. Zikuwala bwino zedi. Timakatoni makumi anayi ndatiyala pa boneti ndi padenga la galimoto yolondera imene yaima kuseri, poti chitsulo chake chatentha bwino. Pamwamba pa kalikonse kamwala. Ntchito yooneka ndi maso.

Ndikungopukuta thukuta, alamu yalira kwinakwake ku Boksburg. Anthu awiri atulukira akuthamanga, zitseko phaa phaa, galimoto vuu! Ndakuwa. A Mbewe akweza chitsulo mwachangu kwambiri, sindinawaonepo akugwira ntchito bwino chotero. Timakatoni tili m'mwamba ngati nkhunda, kulowera kubwalo la ndege.

Ndathamanga. Ine, ndi bondo ili, pakati pa malole, ndikutola mapepala. A Mbewe asiya geti kudzandithandiza. Tatola khumi ndi kamodzi. Kenako kumwamba kwada, matalala ayamba, ndipo khumi ndi kamodzi kaja kasanduka phala m'manja mwathu.

Ndabwerera, ndakhala pampando, ndipo ndi pamene zandifika. Nambala ndi chaka cha zipolopolo zimalembedwa pa katoni. Pa chipolopolo chokha ine sindingasiyanitse. Tsopano zakale ndi zatsopano zili m'beseni limodzi ngati nyemba zosakaniza.

Kawotchi sindinakafunse. A Mbewe apachika jekete lawo panja, pa mpanda, mumvula momwemo.

Loweruka

Ndafika 6 koloko. Ndasesa mpunga, ndachotsa makala, ndamasula chingwe. Kukolopa ayi, ndaphunzira. Mabeseni ndawavindikira ndi nsalu.

Bwana Fani alowa 9 koloko ndi kabuku kawo. Anunkhiza kaye. Atembenuza kawotchi, 69. Atsegula bokosi, muli sokosi. Avundukula beseni loyamba. Lachiwiri. Atseka chitseko kuti aone bwino, ndipo kuseri kwake kwalendewera bulauzi ya Anabanda, yoyera mbee, youma bwino kwambiri.

Ndikumva makina akukama mpweya.

Afunsa kuti timakatoni tili kuti. Ndaloza kubwalo la ndege. Ndafotokoza zonse, kuyambira ndowa mpaka khoswe, osabisa kanthu, poti munthu wa zaka zanga kunama sikukhala bwino. Pa nkhani ya chiwaya agwira shelefu. Pa nkhani ya galimoto akhala pampando wanga, akuseka mpaka nkhope psuu, misozi kutsika. Ine ndaima. Bola akanakalipa.

Atapa zipolopolo khumi m'beseni lililonse, apita nazo kumalo ophunzirira. Maola awiri ndili pakhomo, ndikupemphera mapemphero osalongosoka. Abwera. Zonse zalira! Makumi atatu, palibe chogona. Ndatsala pang'ono kugwada. Anthu anga ali bwino. Ndipo kamtima kayamba kunong'ona kuti mwina, mwina.

A Mbewe abwera chipewa chili m'manja. "Bwana, ndine ndinayambitsa. Jekete linali langa. Chilango chikhale changa." Ndawauza kuti abwerere kugeti, makiyi anali m'thumba la ndani?

Bwana apukuta maso, atambasula dzanja. Ndaikamo makiyi. "Madala, ndiwe munthu wabwino. Vuto lake ndi lomwelo. Chipinda ichi chimafuna munthu woti mnzake akamanjenjemera pakhomo, iye n'kutseka chitseko." Akuti zam'mabeseni zonse zikathera kophunzirira, agula zatsopano m'mabokosi achitsulo okhala ndi labala pachivindikiro. Makiyi apita kwa amayi a ku ofesi aja, amene sanabwerekepo munthu ngakhale cholembera.

Sanandichotse ntchito. Sanandidule kanthu. Lolemba ndili pageti lakutsogolo, a Mbewe lakumbuyo. Ndathokoza kawiri. Kumawawa kuthokoza uku ukufuna kulira.

Ndapinda bulauzi, ndakwera takisi. Kunyumba ndangoti ndatopa. Anabanda sanafunse, andithirira madzi otentha m'beseni kuti ndithowe bondo. Mawu ndinakonza m'takisi, koma akana kutuluka.

Lamulungu

Suti. Tayi. Takisi ya ku Germiston, kukalasi ya sukulu kumene mpingo wathu umapempherera. Ndinati ndiwauza panjira. M'takisi munadzaza. Ndinati ndiwauza pakhomo. Pakhomo panali anthu.

Zolengeza. Maliro a ku Ntcheu, kwaya iyeserera Loweruka, kenako dzina langa. Mlembi akuwerenga pang'onopang'ono ngati akutafuna chokoma: bambo athu awa, atatumikira mokhulupirika pageti zaka zambiri, akwezedwa kukhala woyang'anira katundu wofunika wa kampani. Aimirire tiwaone!

Ndaimirira. Bondo lalira kuti kwetche. Nthungululu, m'manja, amayi a mabulauzi oyera ayambitsa nyimbo, Anabanda patsogolo. Mkulu wa mpingo wandigwira dzanja ndi manja awiri. A Mbewe ali kumbuyo, akuomba m'manja mwamphamvu kuposa onse, maso ali pansi. Manyazi andigwira mpaka m'makutu. Koma ndisabise, kwinaku zimakoma. Ndaima mpaka nyimbo yatha, mavesi onse anayi.

Pobwerera, tikuyenda kupita ku renki, ndalimba mtima. Ndati Anabanda, ntchito ija yakanika.

"Ndikudziwa. Akazi awo a Mbewe anandiimbira dzulo, inu musanatsike n'komwe takisi."

Ndaima pakati pa msewu. Ndati nanga bwanji simunamuletse mlembi?

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mukutsegulira anthu geti, alipo anakuomberanipo m'manja? Ndimati akuombereni kamodzi. Zinazo Mulungu akudziwa kale, sitinamunamize."

Atenga Baibulo langa kuti andinyamulire, achepetsa liwiro kuti tifanane, ndipo tayenda choncho mpaka pa renki.

Suti yabwerera m'sutikesi. Jombo ndapaka polishi. Mawa 6 koloko pageti, ndipo wailesi ikuti mvula sabata yonse.